Chingerezi Chaphunzira Mwambo ku Kavalamanja

Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma Chingerezi, chimene boma la Zambia lidachikhazika pampando m'sukulu zonse ndi lamulo la maphunziro la 1966, chakana kukamuka, ndipo pofika ku Kavalamanja, m'mphepete mwa Zambezi, kumene ana amayamwa Chikunda kunyumba, naphunzira Chinyanja m'kalasi, namvanso Chipwitikizi pakamwa pa amalonda a nsomba ochokera ku Zumbo, mlendoyo wagwada, nalandira mwambo wa eni mudzi.

Taonani mnyamata amene, potuluka pakhomo nkhafi ili paphewa, auza aphunzitsi ake kuti "I am coming," pamene onse akuona msana wake ukunka kudooko. Mngelezi wa ku London angayese kuti mwanayo wanama dzuwa likuswa mtengo; komatu iye wangosunga ulemu wa kwathu, pakuti munthu woleredwa bwino satsazika ndi mawu akuti ndapita, koma ndikubwera, kungakhale kubwerako n'kwa mawa.

Nanga za "he" ndi "she" tidzanenanji? Ife tili ndi "iye" mmodzi yekha, wokwanira Adamu ndi Hava yemwe, kotero kuti m'kalata imodzi agogo aakazi amayamba ali "she," pakati nasanduka "he," pomaliza nabwerera ku chibadwa chawo, iwo eni osadziwa kanthu. Aphunzitsi amadula mzere wofiira, nalira kuti galamala yafa, koma choko chikawathera, amalembera anzawo a kalasi yoyandikana kakalata koyamba ndi mawu akuti "borrow me."