Boti la Nokha Lilibe Pobisala

Ife a ku Dedza nyanja timaikonda kwambiri, koma timaikondera pakalendala. Mlendo akatifunsa za dziko lathu timayambira pomwepo: kutalika kwake makilomita oposa 500, kuya kwake kumpoto uko mamita pafupifupi 700, mitundu ya nsomba yoti palibe nyanja ina ya madzi opanda mchere ingapikisane nayo. Manambala amenewa ine ndimawatchula mosadodoma ndili pamtunda, kachewere ali pamoto. Chimene sindiwonjezerapo n'chakuti madzi akuya kwambiri amene ndinalowamo chibadwire ndi a m'beseni.

Ndiye alamu anga atabwera kuchokera ku Johannesburg n'kunena kuti akufuna kukaona zilumba za ku Cape Maclear, amene anadzipereka kutsogolera ulendo ndine. Ukakwatira mlongo wa munthu, munthuyo n'kumabwera ndi galimoto ya nambala zachilendo, umafunafuna poonekera kuti nawenso ndiwe bambo. Tinatsika Khwekhwerere, kudutsa pa Golomoti, mpaka kukapatukira ku Chembe tisanafike pa Monkey Bay. Njira yonse ndinali mphunzitsi. Ndinawauza kuti dzinalo analipereka ndi David Livingstone mu 1861 polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Kuti amishoni a ku Scotland anamanga pamenepo Livingstonia yoyamba mu 1875, malungo n'kuwasamutsira ku Bandawe mu 1881, kusiya manda amene alipo mpaka lero. Kuti paki yake inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuilemba m'kaundula wa malo amtengo wapatali padziko lonse mu 1984. Mayi a Chikondi anangoti, "Bambo a Chikondi, si zija mumawerenga pafoni usiku izi?" N'zoona, koma si zonenera pamaso pa alamu.

Pagombe, anyamata a maboti amakufika usanatseke n'komwe chitseko cha galimoto. Njira zinali ziwiri: kudikira alendo ena kuti tidzaze boti n'kugawana mtengo, kapena kutenga lathulathu. Mnyamata wina anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Bigi, inu si odikirira anthu. Inu ndi a boti la nokha." Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinanenerera mtengo mwaukatswiri, n'kutsitsako ndithu, koma zimene ndinatsitsazo zinabwerera pakhomo lakuseri: ya mafuta, yolowera m'paki, ya magalasi oonera pansi pa madzi, ya nsomba za nkhwazi. Alamu analowetsa dzanja m'thumba. Ine msangamsanga, "Ayi alamu, kuno ndi kwathu, musavutike." Ndimayembekezera kuti akakamira, monga mwa mwambo, ine n'kugonja mwaulemu kachitatu. Dzanja lija linatuluka ndi mpango wopukutira thukuta.

Tsono mverani za boti la nokha, zimene anyamata aja sanena. M'minibasi mantha amakhala a gulu. Dalaivala akayamba kuthamanga, mayi wina kumbuyo amakuwa kuti "adalaivala, tasiya ana kunyumba," inu n'kungokhala duu, kuoneka wolimba mtima ndi mawu a mnzanu. M'boti la nokha mulibe mayi ameneyo. Muli inu, akazi anu, alamu anu, ndi woyendetsa amene wakhala kumbuyo pa injini n'kumaona msana wanu ukunjenjemera.

Anatipatsa majekete oyandamitsa. Langa ndinalimanga mpaka kupuma kunavuta, kenako ndinapempha lachiwiri, ati lokhalira chifukwa thabwa linali louma. Chilumba cha Thumbi ukachiona uli pamchenga chimaoneka ngati chapafupi kwambiri. Ukafika pakati m'pamene umadziwa kuti maso ananama. Madzi anasintha mtundu, pansi panasiya kuoneka, ndipo mamita 700 aja anandibwerera m'mutu, ngakhale ndimadziwa bwino lomwe kuti ali kutali kumpoto. Boti litadumpha pang'ono ndinafunsa mwaulemu ngati umenewu ndiye mwera. Woyendetsa, amene ankadya nzimbe chiongolero atapanira m'khwapa, anaseka. "Mwera, madala? Mwera ukabwera simufunsa. Apa nyanja ikungodzinyolola."

Pafupi ndi chilumba anazimitsa injini, n'kutenga kansomba, kukalasa ndi kabango kuti kasamire. Anaimba likhweru, n'kukaponya. Nkhwazi inali pamwamba pa mtengo, mutu ndi chifuwa zoyera mbee. Inatsika mosafulumira, kenako miyendo patsogolo, zikhadabo zitatambasuka, khwaa pamadzi, nsomba yapita. Ntchito yojambula inali yanga. Chithunzicho chilipo: thambo labwino kwambiri ndi khutu la alamu. Komabe ndinaphunzirapo kanthu. Mbalame imeneyi ndi ija ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, ndipo nayonso, ikamva likhweru la alawansi, sikhala pamtengo.

Kenako mapanga. Zilumba zimenezi ndi miyala ikuluikulu yosanjikizana, ina yaikulu kuposa nyumba, yosalala chifukwa cha mafunde, pamwamba poyera ndi zitosi za mbalame. Pakati pa miyalayo pali mipata imene madzi amalowa n'kutuluka akulira mwakuya, ndipo kuwala kukagunda pamadzi kumavina kudenga kwa thanthwe. Woyendetsa anatiyandikitsa ndi nkhafi. Ndikuona kukongola kumeneko, chinthu chautali chamamba chinasuntha pamwala.

"Ng'ona!"

Mawu amenewo anatuluka okha, ndipo phanga linawabwereza kuti aliyense amve bwino. Chinthucho chinandiyang'ana, kutulutsa lilime, n'kutsetserekera m'madzi. "Ndi ng'azi imeneyo, madala," anatero woyendetsa. Ndinafotokoza kuti ndimayesa ngati aliyense ali tcheru, popeza pa ulendo chitetezo n'chofunika. Palibe anayankha, ngakhale phanga.

Mpata wokongola kwambiri, malinga ndi woyendetsa, umafuna kuti munthu amire pang'ono, adutse pansi pa mwala, akatulukire mkati. Alamu anavula malaya n'kudumpha. Ine ndinadzisankha kukhala msungi wa mafoni, udindo waukulu umene sungapatsidwe kwa munthu wamba. Unandikhalitsa bwino mpaka pamene mayi a Chikondi, amene takhala nawo zaka zonsezi osandiuza kuti anaphunzira kusambira ali mwana kwa azakhali awo ku Salima, anatsika m'madzi chitenje atamanga m'chiuno. Apo udindo unatha mphamvu.

Ndinatsika nditagwira chingwe cha boti ndi manja onse awiri, galasi kumaso, paipi m'kamwa. Anandiuza kuti ndizipumira pakamwa. Mphuno yanga, imene yagwira ntchito imeneyi mokhulupirika moyo wanga wonse, inakana kuchotsedwa ntchito, ndipo ndinamwako nyanja yokwanira kutsitsa Shire. Koma nditazolowera n'kuviika nkhope, ndinaiwala chingwe kwa kanthawi. Mbuna! Zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zina zazifupi kuposa chala, zikudomola ndere pamiyala, zina zikubwera kudzandiyang'ana pagalasi mopanda ulemu. Sizithawa munthu, chifukwa mamita 100 a madzi ozungulira zilumbazi ali m'paki ndipo kuwedza n'koletsedwa. Woyendetsa anandilozera ina yotupa kukhosi. Imeneyo ndi yaikazi: imasunga mazira, kenako tiana take, m'kamwa pafupifupi masabata atatu, osadya.

Nditakwera m'boti ndinati ndisekepo. "Mayi a Chikondi, mwamva? Masabata atatu, kukamwa kotseka."

"Ndamva," anatero akufinya chitenje. "Nanga yaimuna ija yowala kwambiri, ikatha kuvina imathandiza chiyani?"

Woyendetsa, munthu wosadziwa mbali yoima, anayankha kuti sithandiza chilichonse, imangolondera mwala wake.

Ulemu wanga unabwerera pa nkhomaliro. Kampango wowotcha pamakala, mpunga, ndi supu ya tomato, tikudyera pathanthwe. Pamenepo palibe anandiposa, ndipo ndinayambiranso kuphunzitsa za amishoni. Tsoka lake, mphepo imakonda kudzuka masana. Pobwerera mafunde anali enieni, ndipo kampango uja anayamba kukumbukira kwawo. Woyendetsa anati, popeza boti ndi lathu, tingathe kuzungulira ku Domwe, kudutsa pampata wa Ilala, ngakhale kufika ku Mumbo, makilomita pafupifupi 10 kuchokera kugombe. Alamu anawala maso. Ine ndinakamba mwamphamvu za kukwera mtengo kwa mafuta m'dziko muno, nkhope itasanduka phulusa. Tinangodutsa pa Otter Point, pamene akatumbu ake tsiku limenelo anali atapita kumaliro.

Kanema wa mawu aja akuti "Ng'ona!" alamu anamutumiza pa gulu la banja la WhatsApp tisanafike n'komwe pa Golomoti. Apongozi anga, amene kale ankandipatsa moni wa mawu awiri, tsopano amandifunsa mwachikondi za umoyo wa ng'ona za ku Mangochi.

Inu a kumtunda anzanga, pitani ndithu mukazione mbuna, n'zokongola kuposa za pakalendala. Koma nyamukani m'mamawa nyanja isanadzuke, kwerani boti la gulu kuti pakapezeke wina wokuwa m'malo mwanu, ndipo alamu akalowetsa dzanja m'thumba, tsekani pakamwa mpaka muone chimene latulutsa.