Ukaipa Dziwa Nyimbo, Ngakhale Uli Kauboyi

Makolo athu adati ukaipa dziwa nyimbo. Ankanena za pabwalo la gule, pomwe wosaoneka bwino amapulumukira pa mawu. Sadadziwe kuti mwambi wawo udzagwira ntchito ku America, pakati pa azibambo a imvi ndi amayi a ulemu wawo amene Loweruka likakwana amavala zipewa zazikulu, kumanga mfuti m'chiuno, n'kumakaombera zitsulo ngati m'mafilimu a makauboyi.

Masewerawa amatchedwa cowboy action shooting. Adayamba ku California kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1987 adakhazikitsa bungwe lowayendetsa la Single Action Shooting Society, mwachidule SASS. Lamulo lake lalikulu ndi lakuti chilichonse chioneke ngati cha m'zaka za m'ma 1800. Ndiye apa ndi pomwe thumba limayamba kulira, chifukwa mfuti imodzi siyikwana. Pamafunika zinayi: ziwiri za m'manja, zija uyenera kukoka kanyundo ndi chala chachikulu usanaombe chipolopolo chilichonse, ina yaitali yopukusa ndi chogwirira cha pansi, kenako chifefe. Kugula zonsezi zatsopano, ndalama imadutsa madola 2,000 usanagule ndi chipewa chomwe.

Munthu wongoyamba kumene akamva zimenezi amachita chimodzi mwa ziwiri. Wina amabwerera kunyumba n'kukayamba kuweta nsomba. Wina, amene ndi wochititsa chisoni kwambiri, amalowa m'sitolo maso ali gwa, n'kugula chilichonse chonyezimira: mfuti yozokotedwa maluwa, chogwirira choyera mbee, lamba wa zokongoletsa zasiliva, nsapato zolira ngwerengwere poyenda. Akafika pabwalo anthu amamuombera m'manja ndithu. Kenako kamakina kowerengera nthawi kamalira, ndipo kamakinako kalibe maso. Sikadziwa mtengo wa chipewa. Kamangomva kulira kwa mfuti, pomwe anthu atatu oima kumbuyo akuwerenga zipolopolo zimene zaphonya. Kuphonya kamodzi amakuwonjezera masekondi 5. Kuombera zitsulo mosatsata ndondomeko yomwe wauzidwa, masekondi 10. Chomvetsa manyazi n'chakuti zitsulozo ndi zazikulu ndipo za mfuti ya m'manja zimaima pafupi, mamita osakwana 10. Koma mwini maluwa uja amaziphonyabe, mokongola.

Woipa wodziwa nyimbo amayenda njira ina. Mfuti yeniyeni ya Colt ya 1873 amaisiyira olemera, iye n'kutenga zofanizira zake zopangidwa ku Italy ndi Uberti kapena Pietta, kapenanso Ruger Vaquero, yomwe idatuluka mu 1993 ndipo imadziwika ndi kusamva kutha. Yogwiritsidwa kale ntchito, yokalika pang'ono, imaomba chimodzimodzi ndi yatsopano. Pa mfuti yaitali, akatswiri amakonda zofanizira za Winchester 1873 zomwe amisiri azifewetsa m'kati, koma mtengo wake ndi wothamangitsa magazi. Rossi 92 ya ku Brazil ndi yotsika mtengo. Imabwera yolimba ngati ili ndi mangawa, koma imafewa ndi kugwiritsa ntchito, ndipo wongoyamba kumene sangaithamangitse mpaka kuipeza malire m'chaka choyamba. Chifefe cha mipope iwiri cha Stoeger, nachonso cha ku Brazil, palibe adachitamapo kukongola. Chimagwetsa zitsulo basi.

Nkhani ya zipolopolo ndiyo imasiyanitsa wanzeru ndi wokonda mafilimu. Mtima umafuna .45 Colt, poti ndiyo ya makauboyi enieni. Thumba limafuna .38 Special, yotchipa komanso yosakankha dzanja kwambiri. Pa gawo limodzi la mpikisano umaomba kawirikawiri zipolopolo 10 za m'manja, 10 za mfuti yaitali ndi 4 kapena kuposerapo za chifefe, ndipo magawowo amakhala 5 kapena 6 pa tsiku. Mfuti umagula kamodzi, zipolopolo umagula mwezi ndi mwezi mpaka mkazi kapena mwamuna wako atayamba kufunsa mafunso. Wanzeru amasankha kuti mfuti za m'manja ndi yaitali zidye chipolopolo chamtundu umodzi, n'kumvera thumba.

Komabe mwambiwu suyenera kukokedwa mpaka kuduka. Makolo adati ukaipa, sadati ukafa. Mfuti imene imakana kuomba pakati pa mpikisano si yotchipa, chifukwa udzagula kawiri. Timfuti ta .22 tokopa ndi mtengo timagwetsera anthu ambiri m'mbuna, poti pa mipikisano ya SASS timeneto ndi ta ana. Lamba ndi matumba a mfuti nazo si zoumira. Za nayiloni n'zoletsedwa, ndipo chikopa chofewa chimatseka pakamwa ukangosolola mfuti, ndiye umayamba kulimbana nacho mfuti ili m'manja, anthu akuyang'ana. Magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu alibe nazo nthabwala, ndipo popanda magalasiwo sulowa.

Chosekesa n'chakuti m'masewera awa ngakhale kuipa kuli ndi malamulo ake. Sungabwere ndi kapu, malaya a manja aafupi (ngati ndiwe mwamuna) kapena nsapato zothamangira. Koma jinzi wamba, malaya a manja aatali, jombo ndi chipewa zakwana, ndipo zonsezi zimapezeka m'masitolo a zovala zakale, kaunjika wa kumeneko. Ngolo yonyamulira mfuti, ena amagula yamatabwa opakidwa vanishi, ena amangolanda kangolo kokankhira mwana amene wakula, n'kumangiriramo mfuti pomwe pankagona khanda.

Palinso dzina. Aliyense ayenera kukhala ndi dzina lachikauboyi losafanana ndi la wina. Harper Creigh, mmodzi wa oyambitsa, adatenga nambala 1 ndi dzina la Judge Roy Bean, ndipo manambala adapitirira kale 100,000, choncho maina onse oopsa adatha. Wobwera lero azikanda mutu. Mwayi wake, kukanda mutu salipiritsa.

Nyimbo yeniyeni imaphunziridwa kunyumba, mwaulere. Chifefe chimayamba chopanda kanthu, umachiika zipolopolo nthawi ikuwerengedwa, ndipo masekondi ambiri amathera pamenepo, zala zikunjenjemera, chipolopolo chikugwera m'fumbi. Amene amayeserera madzulo aliwonse ndi zipolopolo zabodza amaposa mwini maluwa popanda kutuluka thukuta.

Ndiye inu amene mwaganiza zoyamba, musagule kanthu kaye. Pitani ku mpikisano wa kalabu yapafupi muli chimanjamanja, mukaime pambali ngati mlendo. Anthu a masewerawa amadziwika ndi kubwereketsa, moti musanafunse n'komwe wina adzakhala atakupatsani mfuti yake kuti muyese. Yesani za anthu angapo, mufunse amene akugulitsa zakale, ndipo ndalama ya maluwa ija mukagulire zipolopolo.