Malangizo a 4x4 ochokera kwa wokankha

Mwa amuna onse amene amapereka malangizo a galimoto m'dziko muno, ine ndili m'gulu lalikulu kwambiri, la ife amene tilibe galimoto. Chuma changa chonse cha matayala ndi njinga yakapalasa, ndipo injini yake ndi miyendo yangayi, yomwe imayendera kondowole ndi usipa. Komabe ndili ndi mfundo yoti ndiimenyere nkhondo lero, yokhudza magalimoto a 4x4 a dizilo okhala ndi turbo, aja amene mabwana amawakonza kuti akaonere dziko, n'kumatidutsa pa M1 kuno ku Wovwe atasenza hema padenga, zigubu m'mbali ndi fosholo yonyezimira yomwe sinalawepo dothi. Mfundo yanga ndi iyi: galimoto yoyenera ulendo wakutchire ndi imene makaniko wa pansi pa mtengo wa mango pa Uliwa angathe kuikonza ndi masipanala a m'chikwama chake. Chilichonse chimene mwini galimoto akuwonjezera kupitirira pamenepo, akudzigulira tsoka ndi ndalama zake zomwe.

Tiyambe ndi turbo, poti ndi imene imawalanda tulo amuna anzanga. Kagwiridwe kake ka ntchito ife a ku Wovwe sitiyenera kukadabwa, chifukwa kuyambira 1995 madzi a mtsinje wathu, otsika kuchokera ku Nyika, akhala akuzungulitsa makina a magetsi amene lero ali m'manja mwa EGENCO, n'kumatulutsa mamegawati oposa 4 pang'ono. Turbo nayo ndi chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa madzi imazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, ndipo kuzungulira kumeneko kumakankhira mpweya wambiri mkati kuti dizilo apse bwino. Nzeruyi ndi yakale, anailembetsa Alfred Büchi wa ku Switzerland mu 1905, agogo athu akuyendabe pansi kupita ku Livingstonia. Vuto n'lakuti kachipangizoka kamazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, kali kotentha ngati ng'anjo, ndipo moyo wake wonse wadalira oilo woyera. Mukachedwa kusintha oilo, kapena mukazimitsa injini nthawi yomweyo mutangomaliza kukwera Chiweta osaidikira kaye mphindi ziwiri kuti izizire, oilo amapserera mkati mwa turbo, ndipo tsiku lina mudzamva kulira kwa mluzu kumene palibe m'busa angakupempherere. Walira mvula walira matope.

Alipo amene anditsutse kuti kumapiri turbo ndi yofunika, ndipo pamenepa akunena zoona. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene Chelinda ili pamwamba pa mamita 2,000, ndipo nsonga ya Nganda imafika cha m'ma 2,600. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu zake pa mamita 300 alionse amene yakwera, chifukwa mpweya umanka nupepuka. Munthu wochoka kuno kudzera ku Rumphi ndi pachipata cha Thazima amakafika ku Chelinda atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu za injini yake. Ndavomera. Koma yankho lake ndi kugula galimoto imene inabadwa ndi turbo kufakitale, osati kutenga Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ija ya malita 4.2 ndi masilinda 6, n'kuipachika turbo yogula pa intaneti. Injini imeneyo anaipanga kuti izipanikiza mpweya kwambiri payokha, ndiye mukaiwonjezera mpweya ndi mafuta mopanda muyezo, kutentha kumakwera ndipo mapisitoni amang'aluka. Ma ambulansi ambiri a zipatala zathu za m'maboma ndi ma Land Cruiser osapachikidwa chilichonse, ndipo amafika kumene bwana wa hema padenga amangokuona pa mapu. Amafika mochedwa, inde, koma wodwala amatsikira pakhomo la chipatala.

Ena anena kuti ndine wachikale, kuti injini zamakono za common rail, monga za Hilux ya D-4D, zili ndi mphamvu zambiri ndipo sizimwa mafuta. Zoonadi. Koma injini zimenezi zimapopa dizilo ndi mphamvu yoposa mabaa 1,500 kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri, ndipo zimafuna dizilo woyera ngati madzi a ubatizo. Tsono tikumbutsane dziko limene tikukhala. Mu 2011 ndi 2012, komanso m'zaka zaposachedwapa, magalimoto akhala akugona pamizere ya kumalo omwetsera mafuta, ndipo mafuta akasowa pampope amapezeka m'chigubu cha venda, chimene dzulo lake mwina chinatungira madzi kapena chinasunga parafini. Injini yakale imatsokomola, kudandaula pang'ono, n'kupitiriza ulendo. Yamakono imayatsa kanyali pa dashibodi, kukana kuthamanga, n'kuyamba kufuna kompyuta yoiyeza, yomwe mwina ili ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Ma injector ake akawonongeka muyenera kuwaitanitsa kunja, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake munthu amaumva atakhala pansi. Ngati mwaikondabe yamakonoyo, musayambe ndi kugula nyali zowala ngati bwalo la Bingu. Yambani ndi sefa yachiwiri yolekanitsa madzi ndi dizilo.

Nanga galimoto ikadwala pakati pa ulendo? Apa ndi pamene ife akatswiri a manja m'thumba timaonekera. Boneti ikangotsegulidwa timaunjikana, ndipo chigamulo chathu chimakhala chimodzi nthawi zonse: "Bwana, turbo yapita iyi." Timakonda mawu amenewa chifukwa ndi matenda odula, ndipo kutchula matenda odula kumamupatsa munthu ulemu. Makaniko weniweni sathamangira kumeneko. Amayamba wayang'ana utsi. Wakuda ukutanthauza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya, ndiye amatsegula sefa ya mpweya, n'kuigogoda pa tayala, fumbi lonse la msewu wa ku Bolero n'kukhuthukira pansi. Akapanda kupeza vuto pamenepo amatsata mapaipi a mpweya ndi chikhatho, kumvetsera pamene pakufwenthera, chifukwa paipi yong'ambika kapena kalampu yomasuka imalanda mphamvu mofanana ndi turbo yakufa. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti injini ikudya oilo. Woyera ukuloza madzi kapena dizilo wosapsa bwino. Injini ikangozima yokha, amamasula kabawuti ka pansi pa sefa ya mafuta kuti madzi atuluke, kenako amapopa ndi chala chachikulu mpaka thovu litatha. Nthawi zambiri matenda amathera pomwepo, ife a turbo n'kubalalika mwakachetechete, aliyense akuti ndimadziwa kale kuti ndi sefa.

Chotsutsa chachikulu ndikuchidziwa: munthu wa njinga angaphunzitse chiyani eni magalimoto? Abale anga, galimoto ikatitimira m'matope a pafupi ndi minda ya mpunga ya Wovwe m'mwezi wa March, mwini wake amakhala pa mpando, galasi atatseka. Amene amadziwa kulemera kwake kwenikweni ndi ife amene timaika phewa kumbuyo, matope akutimwazikira kumaso. Ndiye ndikuyankhula monga sikelo. Land Cruiser ya mtundu wa 70, yomwe Toyota inayamba kupanga mu 1984, imaloledwa kunyamula katundu wokwana pafupifupi tani imodzi, kutanthauza matumba 20 a mpunga wa Kilombero a makilogalamu 50. Mukaikapo chitsulo chakutsogolo, winchi, matayala awiri apadera, batire yachiwiri, firiji, hema, thanki ina ya mafuta ndi madzi omwa, theka la matumba aja latha musanakweze mayi a kunyumba ndi chikwama chawo. Choipa kwambiri n'chakuti katundu wambiri amakhala padenga, ndipo galimoto yolemera kumutu siigwirizana ndi makhotakhota a msewu wa Gorodi wochokera ku Chitimba. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo ambiri amene timawakankha sanatitimire chifukwa chosowa zipangizo. Wina anaiwala kutsika kukakhoma mahabu a matayala akutsogolo, ndiye giya ili pa 4x4 koma akukoka ndi matayala awiri. Wina anakana kuphwetsako matayala pang'ono kuti aponde motambalala. Wina anaona mpope wopumira m'mbali mwa galasi n'kuganiza kuti wagula bwato.

Ndiye kwa inu amene Mulungu anakudalitsani ndipo mukukonza galimoto yoti mudzaonere Nyika, mathithi a Manchewe ndi mafupa a Malawisaurus ku Karonga, malangizo anga ndi aulere monga mwa nthawi zonse. Siyani injini mmene anaisiyira amene anaipanga. Ndalama za zokongoletsera mugulire matayala olimba, masefa apadera, lamba wa fani, mapaipi a radiyeta, oilo, chingwe chokokera ndi pampu ya matayala. Phunzirani kutulutsa mpweya m'njira ya mafuta musanachoke pakhomo, ndipo mukafika pamwamba pa phiri mulole injini ilire kaye pang'ono musanaizimitse. Mukakana zonsezi, sitikwiya ayi, tidzabwera ndithu kudzakukankhani. Koma dziwani kuti mtengo wokankhira timauwerengera pa kulemera kwa galimoto, ndipo ya hema padenga imalipira kawiri.