Njinga Yosapita Kulikonse

M'nyumba mwathu muno ku Leicester muli kachipinda kamene timakatcha ka alendo, koma chilowereni m'nyumbamu panalibe mlendo anagonamo. Akanagona pati? Munkagona katundu. Munali makina ophikira buledi amene anaphika kawiri kokha, wailesi ya makaseti, masutikesi atatu othyoka mateyala, poto wachitsulo wolemera ngati mphero, nsapato zimene zinawathina ana kalekale, ndipo pakati pa zonsezi, itaima ngati mfumu pabwalo, njinga yolimbitsira thupi. Nanunso muli nako kachipinda kotere, musandinamize. Ngati si chipinda ndiye ndi kunsi kwa bedi kapena pamwamba pa wadiropu.

Ife okhala kunja kuno tili ndi mawu amene amatiletsa kutaya kanthu: tidzatumiza kumudzi. Ketulo ikayamba kudontha, tidzatumiza kumudzi. Jekete ikang'ambika m'khwapa, kumudzi akasoka. Mgolo wotumizirawo timagula chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho sichifika.

Njingayo ndinagula mu Januwale wina, nditadziyang'ana pagalasi n'kupeza kuti mimba yayamba kulowa pakhomo ine ndisanafike. Ndinaipalasa masiku 9. Kuchokera pamenepo inapeza ntchito yabwino yoyanikapo matawulo.

Zinthu zinatembenuka tsiku limene mayi akunyumba analengeza kuti apongozi apeza viza ndipo akubwera pakatha miyezi iwiri. Anati chipinda chija chiyere, katundu wabwinoko tikasiye ku mashopu othandiza osowa, wotsalayo tiitane a khonsolo adzanyamule. Ine mtima unandipweteka. Kupereka ulere katundu wogula ndi thukuta la mashifiti a usiku? Ndinawauza kuti adekhe, zimenezi andisiyire ine, ndikagulitsa pa okushoni ya pa intaneti. Ndinawakumbutsanso kuti akulankhula ndi mwana wa mlimi wa fodya wa ku Dowa, munthu amene anaponda ku Kanengo ali wamng'ono n'kuona ndi maso ake ogula akuyenda m'mizere ya mabelo, woitanira mitengo akuthamangitsa pakamwa ngati akuimba nyimbo ya pamtondo. Okushoni, ndinatero, ili m'magazi. Iwo anangondikumbutsa kuti nkhani ya ku Kanengoyo anaimva kambirimbiri, kuti ndinapitako kamodzi, ndipo chimene ndimafotokoza bwino nthawi zonse ndi sikono ndi Fanta zimene bambo anandigulira pageti.

Sindinawayankhe. Ndinatsegula eBay n'kuyamba kuwerenga mbiri yake, monga achitira munthu wofuna kuchedwetsa ntchito. Ndinapeza kuti msikawu anauyambitsa Pierre Omidyar ku California mu 1995, ndipo chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulitsidwa chinali katochi kolozera ka laser kakufa, kamene munthu wina anakagula $14.83 akudziwa bwino kuti n'kakufa. Apa m'pamene mutu unandikulira. Ngati mzungu anagula chinthu chakufa, nanga katundu wanga wamoyoyu?

Ndinayamba ndi poto. Ndinali nditamva kuti ukayambira pa mtengo wotsika, ogula amadza ngati ntchentche n'kumakwezerana okha mpaka mtengo kufika kumwamba. Ndiye ndinaika 99p. Pofuna kuoneka munthu wamtima wabwino, ndinalembanso kuti ndalama yotumizira ndilipira ndine. Zonsezi ndinachita pa nthawi yopuma kuntchito, 3 koloko usiku, ndili ndi kapu ya tiyi m'manja, ndikudziona ngati mkulu wa bizinesi. Chimene sindinadziwe n'chakuti okushoni ya masiku 7 imatha pa ola lomwelo limene unaiyambitsa, pokhapokha utaikonzeratu nthawi ina. Ndipo nkhondo yeniyeni ya ogula imachitika m'mphindi zomaliza. Yangayo inatha 3 koloko usiku wa Lachiwiri, dziko lonse la Britain lili mtulo kupatula munthu mmodzi wa ku Scotland, amene kaya ankavutika ndi chiyani usiku umenewo. Anawina poto pa 99p.

Ku positi ofesi mayi wa pakauntala anaika phukusi pasikelo n'kundiyang'ana mwachifundo. Phukusi laling'ono la Royal Mail limalekezera pa makilogalamu 2. Langa linapitirira 5. Kuphatikiza katoni ndi selotepi, ndinapeza kuti ndamulipira munthu wa ku Scotland uja ndalama yokwana ndiwo za masiku awiri kuti andilandire poto. Nditafika kunyumba ndinanena kuti poto wagulidwa msanga kwambiri, zimene zinali zoona. Mayi anafunsa kuti zingati. Ndinati pa bizinesi chofunika poyamba ndi kupanga dzina.

Dzinalo ndinalipangadi pa ketulo. Inali ketulo yasiliva yonyezimira, ndipo ndinaipukuta mpaka kuwala ngati ya m'sitolo. Ndinaijambula m'mawa wa Loweruka, nditangodzuka, n'kuiika pa msika. Pofika madzulo anthu oitsatira anali atachuluka modabwitsa, ena mpaka kunditumizira mauthenga oyamikira chithunzi. Ndinayenda m'nyumba monse ndi foni m'manja, kuonetsa aliyense kuti aone mmene mwana wa mlimi wa fodya amakokera ogula. Mwana wathu wamkazi, amene ali ku sekondale, anatenga foniyo, n'kukuza chithunzi ndi zala ziwiri, n'kundibwezera osanena kanthu. Pamimba pa ketulo panali munthu. Anali atavala vesiti yobooka pamchombo, m'chiuno atamanga chitenje cha mayi cha chipani cha amayi a kutchalitchi, miyendo atatang'adza, lilime lili panja chifukwa cha khama lojambula. Ketulo yozungulira imakuza pakati, ndiye mimba ija inaoneka ngati ya munthu amene wameza mtsuko. Ngati mudzagulitse galasi, TV, ketulo kapena chilichonse chonyezimira, abale anga, valani kaye.

Apa ndinaganiza kuti ulemu wanga wonse ndiubwezera pa njinga. Ndinafuna kuyambira pa mtengo womwe ndinagulira, poti inali idakali yatsopano, ndipo mboni yake ndi mimba yanga. Ndinaona ena akuitanira njinga zotere pa mitengo yokwera, ndipo ndinalimba mtima. Mwana uja ndi amene anandionetsa kabokosi kolembedwa Sold items, kamene ukakadina umaona mitengo imene zinthu zinagulidwadi, osati imene eni ake akulota. Kusiyana kwake kunandiumitsa pakamwa. Zikuoneka kuti mu Januwale aliyense mu Britain muno amuna ambirimbiri amadziyang'ana pagalasi ngati ine, ndipo pofika Epulo onse amakhala akugulitsa njinga yomweyo, yopalasidwa masiku 9 omwewo.

Ndinadzichepetsa. Ndinayambira pa £20, ndinalemba kuti wogula adzatenge yekha pakhomo, ndinakonza kuti okushoni idzathe Lamlungu madzulo anthu atakhuta ali pa sofa. Zonse ndinachita mwa buku. Pofika Lachinayi panali wogula mmodzi yekha, ndipo mtengo unali uli pomwepo pa £20, osasuntha ngati ng'ombe yokana goli.

Tsono zimene ndinachita apa ndikuuzani inu nokha. Ndinaimbira alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, amene amakhala ku Coventry. Ndinawapempha kuti alowe pa okushoniyo azikankhako mtengo pang'onopang'ono, kuti wogula uja atenthe mtima. Ndinkadziwa kuti n'zoletsedwa. Malamulo a eBay amakaniza poyera kuti wachibale kapena mnzako azikweza mtengo wa katundu wako mwachinyengo, ndipo akakugwira akhoza kukutsekera akaunti. Kumudzi bambo ankanyansidwa ndi alimi obisa fodya woipa kapena miyala pakati pa belo, ankati belo lotere likagwidwa limanyazitsa mudzi wonse. Ine mwana wawo ndinaika mlamu pakati pa belo.

Chimene sindinawafotokozere alamu ndi mmene makinawo amagwirira ntchito. Pa eBay sulemba mtengo umene ukuitanira nthawi imeneyo ayi. Umalemba malire ako, ndalama yomaliza imene ungalolere kulipira, ndipo kompyuta imakuitanira yokha pang'onopang'ono, kungopitirira mnzako ndi kandalama kochepa, mpaka malirewo atakwana. Alamu, pofuna kundisangalatsa ndiponso pofuna kuti asamavutike kulowamo kawirikawiri, analemba £150 n'kupita kokagona.

Wogula weniweni uja anayesa £25, kompyuta inamupitirira. Anayesa £40, inamupitirira. Ine kuno ndikuvina m'khitchini, ndikuuza mayi kuti aone mmene msika wadzukira, kuti magazi a ku Kanengo sanama. Munthu uja anafika pa £55 n'kutopa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti akubisala, abwera m'masekondi omaliza monga amachitira akatswiri. Lamlungu madzulo ndinakhala pa sofa maso ali pa wotchi yowerenga chobwerera m'mbuyo. Masekondi 30. Masekondi 10. Ndinaimirira. Foni inalira, ndipo anali alamu, mawu ali m'mwamba ndi chimwemwe, akuti alamu tawina, tawina pa £56, nanga tsopano titani.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ine, mwana wa fodya yemweyo, ndinali ndi wogula pamphuno penipeni, wa ndalama zake m'thumba, ndipo ndinamuyetsemulira kutali. Pali njira yoti wopambana akalephera, umupatse mwayi amene anabwera pachiwiri. Ndinayesa, manyazi ndili nawo. Anandiyankha mwaulemu wonse wachingerezi kuti zikomo, wapeza kale ina yotsika mtengo mumsewu wa kwawo komweko.

Ndinakonza zoti ndiwauze mayi kuti wogula wasintha maganizo, zimenenso sizinali bodza kwenikweni. Koma ndinaiwala kuti alamu ali ndi akazi awo, ndipo akazi awowo ndi mayi akunyumba amaimbirana foni tsiku lililonse. Nditalowa kuchipinda ndinawapeza akupinda zovala, nkhope ili phee. Anandifunsa mofatsa ngati achimwene awo adzabwere okha kudzatenga njinga yawo, kapena ngati ndiwalipiriranso yotumizira monga ndinachitira ndi poto. Za poto ankazidziwanso. Lisiti ya ku positi ofesi ndinaisiya m'thumba la buluku, ndipo amene amachapa ndi iwo.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito anailanda, ine ndinatsitsidwa udindo kukhala womata makatoni. Ndinkawaonera chapambali, ndikudikira kuti nawonso apunthwe. Chinthu chilichonse ankayamba achiika pasikelo yawo yoyezera ufa wa mandasi, chili kale m'katoni yake, asanalembe mtengo wotumizira, ndipo wolipira anali wogula. Ankajambula masana pafupi ndi windo, atayala nsalu yoyera ya pabedi, kutsogolo, kumbuyo, pansi, ndi pomwe pali chilema. Chilemacho ankachilemba poyera: apa panakalika, chivindikiro chinasowa, zipi imalimba. Ine ndinatsutsa kuti wamalonda sanyoza katundu wake. Iwo anati wogula akadzaona yekha chilema chimene sanauzidwe amabweza katundu, ndalama n'kubwerera, iwe n'kutsala ndi mbiri yoipa imene wogula aliyense wobwera pambuyo adzaiwerenga. Nsapato ndi zovala za ana sanagulitse chimodzichimodzi, anazimanga m'mitolo malinga ndi msinkhu, monga amachitira a kaunjika. Chinthu chimene sakanalola kuchitaya pa 99p sankachiyambira pa 99p. Malisiti onse okhala ndi nambala yolondolera phukusi ankawasunga m'chitini cha mabisiketi mpaka wogula atanena kuti walandira.

Chimene chinandipweteka koposa ndi wailesi ya makaseti. Ine ndinali nditaiika kale pa mulu wopita kudzala. Iwo anaipukuta, anagula mabatire, anaika kaseti yakale ya kwaya kuti atsimikize kuti ikuzungulira, analemba dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wake pa mutu penipeni pa malonda, poti okonda zinthu zakale amafufuza ndi nambala imeneyo. Anthu anayi anailimbirana mpaka sekondi yomaliza, ndipo inagulidwa kuposa mtengo umene alamu anawinira njinga. Ndinanena kuti ndi mwayi chabe. Anavomera kuti ndi mwayidi, n'kundipatsa selotepi.

Apongozi anafika chipinda chitayera, kupatula njinga, imene sindinayerekeze kuiikanso pa msika poopa kuti angandizindikire. Tinaikankhira pakona. Mmawa wake anaitana mwana wawo n'kufunsa chapansipansi, ine ndikumvera pakhonde, kuti kodi bambo a kunyumba kuno anagula bwanji njinga yopanda mateyala, ndipo ngati ilibe ntchito bwanji osaitumiza kumudzi, mwina akalumikiza mateyala ana azipitira kuchigayo.

Ndili pakhondepo belu la pakhomo linalira. Anali mnyamata wobweretsa katundu, atatsamira chikatoni chachitali kuposa iye, thukuta lili kamukamu. Masiku onse aja ndinkadikira ogula usiku, maso sanali pa malonda anga okha. Panali makina ena opalasa ngati bwato, amene amati amaphwetsa mimba msanga kuposa njinga, ndipo ndinangolembapo malire anga mongoyesa, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti wina andipitirira. Mayi anatulukira m'khitchini ndi mthiko m'manja, apongozi ali pambuyo pawo, ndipo mnyamata uja anawerenga dzina langa mokweza, n'kufunsa kuti alowetse chipinda chiti.