Nyenyezi Pambali pa Dzina Langa

Ofesi iliyonse imakhala ndi munthu mmodzi amene anzake amamutcha "wa makompyuta". Kuntchito kwathu munthuyo ndine. Sukulu yake sindinapiteko. Anandilemba ntchito yowerengera matumba a simenti ndi malata. Udindowu unandigwera tsiku lina pulinta itakana kutulutsa lisiti. Ndinaizimitsa, n'kuiyatsanso, iyo n'kuyamba kulira bwinobwino. Chiyambire pamenepo, ngakhale foni ya abwana ikadzaza ndi zithunzi za maukwati, amakuwira ine.

Ndiye abwana atatsimikiza zotaya pulogalamu yathu yakale ya katundu ndi ngongole, sanayang'ane kutali. Anyamata ogulitsa yatsopano anati asanasamutse kalikonse akufuna chikalata chofotokoza yakaleyo: matebulo ake, malamulo ake, ndi njira imene tambala iliyonse imadzera. Abwana anangonditembenukira. "Achimwene, izi ndi zanu izi. Pofika Lachisanu."

Pulogalamu yathuyo inalembedwa mu FoxPro 2.6 ya DOS, imene inatuluka mu 1994. Microsoft inagula eni ake a FoxPro mu 1992, inatulutsa mtundu womaliza, Visual FoxPro 9, kumapeto kwa 2004, ndipo mu January 2015 inasiyiratu kuisamalira. Ife uthenga wa malirowo sunatipeze. Popeza Windows ya 64-bit siyendetsa mapulogalamu a DOS, tili ndi kompyuta imodzi ya pangodya, yachikasu ndi ukalamba, imene timaifunditsa chitenje poweruka. Wosesa amaizungulira patali. Palibe amene anamuuza kutero, anangoona mmene tonse timayendera tikafika pamenepo.

Anailemba ndi mkulu wina wa magalasi amene anapuma ntchito kalekale n'kupita kumudzi kukaweta mbuzi. Foni yake nthawi zonse sipezeka. Mu FoxPro, mzere woyamba ndi kanyenyezi ndi ndemanga, pamene wolemba amafotokozera anzake zimene akuchita. Mkuluyu anali wosunga mawu. Ndemanga imene ndinaipeza kawirikawiri inali ya mawu awiri: osagwira apa.

Ndinathamangira kwa mphwanga, amene akuphunzira za makompyuta ku yunivesite ndipo amandilankhula mwaulemu wa munthu amene akumvera chisoni wodwala. "Malume, musataye mtima. Masiku ano munthu salemba yekha zimenezi, pali zipangizo." Anayamba kutchula Doxygen, imene Dimitri van Heesch anatulutsa mu 1997. Imawerenga khodi ya C++, Java, Python ndi zina, n'kupanga masamba okongola ofotokoza chilichonse. Ndinawongola kolala. Kenako anati FoxPro siidziwa, komanso mawu ofotokozawo imatenga mu ndemanga zimene wolemba anasiya. Kunena kwina, ikanatikonzera buku lokongola la osagwira apa.

Thandizo linali m'nyumba momwemo. FoxPro yakaleyo inkabwera ndi kachipangizo kotchedwa FoxDoc, ndipo kanali phee mu kompyuta ya chitenje ija zaka zonsezi. Umangokaloza fayilo yoyambira, iko n'kuyamba kulondola: pulogalamu iyi imaitana iyo, iyo imatsegula tebulo lakuti, dzina ili likupezeka pa mzere wakutiwakuti. Pulinta yathu ya riboni inalira mpaka a m'shopu yoyandikana nayo anabwera kudzafunsa ngati tatsegula chigayo. Mapepala anatha, tinakabwereka ena.

Apa ndiye ndinadzimva. Mtolo wa mapepalawo ndinaukupatira m'khwapa n'kudutsa nawo kawiri pamaso pa anyamata onyamula simenti popanda chifukwa. Ndinafika nawo kwa abwana, n'kuutsitsa patebulo kuti thi!

Abwana anatsegula pakati, n'kuyendetsa chala. "BAL1, BAL2, BAL2X. Ameneyu BAL2X ndi ndani?"

Ndinawerenga mokweza, mwachidaliro. Ndi danga la manambala, malo 12, awiri a matambala, ndipo likupezeka m'mapulogalamu anayi.

"Chabwino. Nanga ndi ndalama za ndani?"

Ndinayang'ana kudenga, koma nalonso silinadziwe. M'mafayilo a DBF, amene FoxPro inatengera kwa dBase, dzina la danga silipitirira zilembo 10, choncho anthu akale ankadula maina mopanda chifundo, tanthauzo n'kulisunga m'mutu. Mutu wake ndi uja uli ku mbuzi. FoxDoc inachita ngati wa kalembera: yawerenga aliyense wa pakhomo, zaka zake ndi chipinda chimene amagona, koma sikudziwa chifukwa chimene awiri enawo salankhulirana.

Mphwanga sanagonje. Anasamutsira matebulo onse mu MySQL pa laputopu yake kuti ayendetse SchemaSpy, chipangizo chimene chimajambula tebulo lililonse ngati kabokosi, n'kulumikiza ndi mizere matebulo apachibale. Amene alibe mnzake chimawaika pa tsamba la amasiye. Athu onse anapezeka kumeneko, kuyambira la makasitomala mpaka la malisiti. Chifukwa chake n'chakuti mu FoxPro yakaleyo matebulo sasunga okha ubale wawo. Ubale umalembedwa mu khodi ndi lamulo la SET RELATION, ndipo umakhalapo pokhapokha pulogalamu ikuyenda. Ukanyamula matebulo okha, ubale wonse umatsalira m'mbuyo.

Tinatsala ndi mapulogalamu anzeru aja amene umacheza nawo ngati munthu. Pano ndisaname, amagwira ntchito. Mphwanga ankamata khodi, iwo n'kufotokoza bwino lomwe kuti gawo ili likuphatikiza malisiti a tsiku, ilo likuchotsera katundu m'sitoko. Zimene FoxDoc inangondandalika, iwo anazisandutsa ziganizo zomveka. Vuto lawo ndi limene ndili nalo ine: sakonda kuoneka osadziwa. Tinapeza mzere wonena kuti kasitomala akakhala nambala 47, asawerengeredwe chiwongoladzanja ndipo asalembedwe kalata yomukumbutsa ngongole. Makina aja anayankha mosaphethira kuti imeneyi iyenera kukhala ndondomeko ya kampani yothokozera makasitomala okhulupirika. Ndinalemba momwemo, n'kudula mzere kunsi.

Mayi amene amatiphikira tiyi, amene anayamba ntchito kompyutayo isanagulidwe, anamva ndikuwerengera abwana zimenezi. Anatsitsa thireyi n'kuseka mpaka kugwira chitseko. "Forte seveni? Si apongozi awo a bwana wamkulu aja amenewo? Inu mukanawalembera kalata ya ngongole?" Bwana wamkulu, bambo awo a abwana athuwa, anatisiya. Apongoziwo anatsogola kale. Pulogalamu yokha ndi imene ikuwapatsabe ulemu mwezi ndi mwezi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo chikalata changa chonse ndinakachimalizira kukhitchini, nditakhala pa kreti, mayiwo akunena ine ndikulemba. BAL2X, kuti mudziwe, ndi ngongole za antchito.

Musatiseke kwambiri. Mu April 2020, anthu ochuluka atachotsedwa ntchito chifukwa cha Covid-19, bwanamkubwa wa New Jersey ku America, Phil Murphy, anapempha poyera anthu odziwa COBOL kuti adzathandize makompyuta olipira anthu osowa ntchito. COBOL ndi ya 1959. Nakonso kunali kusakasaka akuluakulu a magalasi, ndipo sindikukhulupirira kuti anali ndi mayi wa tiyi wowathandiza.

Tsono nkhani ya BAL2X ija. Mu FoxPro, ukafufuta mzere ndi DELETE, suchoka. Umangoikidwa kanyenyezi pambali n'kubisika, ndipo RECALL imaubweza wamoyo. Chochotseratu ndi PACK, koma mkulu uja anaichotsa pa menyu poopa kuti magetsi akazima ili mkati, fayilo iwonongeka. Mphwanga posamutsa matebulo anakokolola zonse, zamoyo ndi zakufa zomwe, n'kuzisindikiza kumapeto kwa chikalata kuti ntchito ioneke yokwanira. Ineyo ndi amene ndinakamangitsa chikalatacho ndi ndalama zanga, chikuto cha pulasitiki, dzina langa patsogolo m'zilembo zikuluzikulu.

Dzina lomwelo abwana analipezanso chakumapeto, lili ndi kanyenyezi pambali: malata amene ndinafolera nyumba yanga. Bwana wamkulu anandikhululukira ngongoleyo pakamwa, pa phwando la Khirisimasi, ali wosangalala kwambiri, ndipo mkulu wa magalasi anaifufuta m'mawa mwake. Ndemanga sanasiye. Mayi a tiyi akuti tsiku limenelo anali kumaliro. Abwana anayamikira kuti chikalata changa n'chozama, ndipo anauza a malipiro kuti ayambe kundidula kumapeto kwa mwezi uno.

Choncho inu a kumudzi, mukaona mkulu wa magalasi akudyetsa mbuzi, amene mukamutchulira FoxPro amaima n'kumwetulira, chonde muuzeni ayatse foni. Mayunitsi nditumiza ndine, koma aimbe a malipiro asanatseke mabuku pa 25.