Sopo Woduladula ndi Chambo cha Anganga

Ine ndine mlembi wa komiti ya zachifundo pampingo wathu kuno ku Mangochi. Udindowu sindinaupemphe. Tsiku lachisankho ndinachedwa, ndipo nditalowa ndinapeza anthu akuomba m'manja atayang'ana ine. Chiyambire pamenepo ndimayenda ndi kope lachikuto chakuda, momwe muli mbiri yonse ya chikondi chathu, kuphatikizapo mayina a amene sanasonkhe.

Zonse zinayamba ndi ulaliki. Abusa anati chikondi chothera pakhomo la tchalitchi chili ngati bwato logona pamtunda, lopakidwa utoto bwinobwino koma losaphapo ndi usipa umodzi womwe. Tituluke, anatero, tikafike kwa anthu. Tonse tinavomera "Ame!" mwamphamvu, makamaka amene ankadziwa kuti sapita nawo.

Msonkhano woyamba wokonzekera unathera pa nsalu. Munthu sungapite kukagawa chikondi utavala chisawawa, anthu angakuyese wodzatolera ngongole. Amayi Atcheya ankafuna yobiriwira, asungichuma yachikasu, mpaka wina anakumbutsa kuti kuno mtundu uliwonse uli ndi chipani chake. Tinagwirizana za yofiirira ngati dothi, mtundu umene palibe wandale anaukhumbirapo.

Msonkhano wachiwiri unali wa kopita. Wina anati kuchipatala. Anamuyankha kuti kumeneko mipingo imachita kulimbirana Lamlungu lililonse, odwala atopa ndi makwaya. Wina anati kundende. Mnyamata wathu wa zithunzi anati kumeneko salola kujambula, ndipo nkhani ya akaidi inafera pomwepo. Ndiye mtsikana wina wa m'kwaya, wosadziwa kayendetsedwe ka zinthu, anatchula agogo osaona aja amene amakhala kuseri kwa mpanda wa tchalitchi chathu, denga lawo likudontha. Kunangoti zii. Kenako mkulu wa mpingo anakonza pakhosi.

"Mwana wanga, amenewo ndi apafupi kwambiri. Abusa anati tituluke. Kutuluka ndiye kuti kukwera galimoto."

Ndinalemba m'kope. Tinasankha mudzi wina wa asodzi kutsidya kwa Shire, mumsewu wa ku Malindi.

Asungichuma anawerenga za ndalama mwaulemu wonse: minibasi, mafuta, nsalu, chimkuzamawu, jenereta, chakudya chamasana cha nthumwi. Zotsala zinagula sopo wochapira khumi ndi mapaketi anayi a shuga. Wina atafunsa chifukwa chake osauka akulandira zotsala, asungichuma anapumira m'mwamba n'kutchula kugwa kwa kwacha. Chigwereni ndalama yathu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bambo amenewa sasowanso yankho, ngakhale mutawafunsa chifukwa chake achedwa ku mapemphero. Usiku wa Lachisanu tinakhala pakhonde la Atcheya n'kumadula sopo aliyense patatu ndi mpeni wosendera mbatata, shuga tikuthira m'timapepala ta pulasitiki ngati tikupanga mafirizesi. Chidutswa china chinatuluka chopyapyala moti munkaonekera nyali. Tinagwirizana kuti chimenecho tidzapatse munthu wa banja laling'ono.

Tinapangana 7 koloko Loweruka. Tinanyamuka 10 itakwana, Atcheya atabwera kuchokera kokonzetsa tsitsi limene analiphimbanso ndi duku. Nsanja ya wotchi ya Queen Victoria yaima pafupi ndi mtsinje chiyambire 1903, koma sinaphunzitsepo aliyense wa ife kusunga nthawi. Tinaipitirira tikuimba, n'kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, anthu 23 m'minibasi ya anthu 16, katoni ya chikondi ili pamiyendo pa ine.

Kumudziko anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi mathandala a usipa. Anyakwawa anatilandira bwino. Atcheya anali ataloweza mawu awiri a Chiyao, "Ali uli?", ndipo anawagwiritsa ntchito pa aliyense, mpaka pa dalaivala wathu yemwe. Mayi wina atawayankha ndi nkhani yaitali ya Chiyao chokhachokha, Atcheya anangogwedeza mutu n'kuti "Ame". Ndinamva pambuyo pake kuti mayiyo ankawauza kuti akhalira ukonde wa eni.

Jenereta anakana kulira kwa theka la ola. Atalira, chimkuzamawu chinabalalitsa nkhuku za mudzi wonse. Mlaliki wathu, amene amaopa kufupikitsa mawu ngati n'kuba, anayamba ndi Adamu. Womasulira anali mnyamata wa m'kwaya amene mayi ake ndi Myao. Ndinadabwa kuti mlaliki akayankhula mphindi zisanu, thukuta lili kamukamu, mnyamatayo ankangonena mawu atatu kapena anayi, anthu n'kugwedeza mitu mokhutira. Pobwerera ndinamufunsa zimene ankanena.

"Ndimangowauza kuti apirire, sopo akubwera."

Itakwana nthawi yokweza manja, ndinawerenga 47. M'chiwerengerocho muli ana amene anamva kuti kuli masiwiti, ndi msodzi mmodzi amene ndikukhulupirira kuti ankaingitsa ntchentche. Koma ndinalemba 47, ndipo ndinadzimva wamkulu. Taganizani: Dr Robert Laws ndi anzake anafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala, anachiritsa odwala, anaphunzitsa ana, anaika anzawo m'manda, ndipo posamukira ku Bandawe mu 1881 anali atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda mu 1889, pofika 1891 anali atamanga katundu. Ife maola awiri okha, ndi jenereta wobwereka, mizimu 47. Azungu aja mwina vuto lawo linali lakuti ankakhalitsa pamalo mpaka kuwadziwa anthuwo mayina.

Kugawa kunayamba ndi gogo wina amene aliyense ankamutchula kuti Anganga. Chidutswa chawo cha sopo anachilandira katatu. Koyamba wojambula anati dzuwa lili kumbuyo, ndiye tinawalanda. Kachiwiri Atcheya anaphethira. Kachitatu chinsalu cholembedwa dzina la mpingo chinapindika ndi mphepo ya kunyanja, koma tinangoti zikhale choncho poti mzere unali utatalika.

"Anganga, mwetulirani!" anakuwa wojambula.

Anganga anali akumwetulira chiyambire pamene tinatsika m'minibasi. Ndikakumbukira kumwetulira kumeneko tsopano, sindikhulupirira kuti kunali kwa sopo.

Cha m'ma 2 koloko zinadziwika kuti beseni la mpunga ndi nkhuku, chakudya cha nthumwi chija, linatsala pakhonde la tchalitchi. Aliyense ankayesa kuti wanyamula mnzake. Njala ya munthu wa m'tauni siibisika: nyimbo zinayamba kufa pa ndime yachiwiri, mkulu wa mpingo anayamba kuyang'anitsitsa mathandala. Apa ndi pamene mdzukulu wa Anganga anabwera, n'kugwada, n'kunena m'Chichewa chosalala kuposa chathu kuti alendo afike pakhonde.

Tinapeza mpunga wofuka nthunzi ndi chambo. Chambo chenicheni, chimene ife a pa boma masiku ano timangochiona chikupita ku Blantyre chitamangiriridwa pa galasi la galimoto ya eni ndalama. Anansi anabweretsanso mbale zawo, wina utaka, wina nsima. Kamnyamata kena kanazungulira ndi beseni ndi kapu kutisambitsa m'manja mmodzimmodzi. Tinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinawamvapo pampingo wathu.

Ndili pakati pa kusankha minga ndinazindikira kuti eni nyumba palibe akudya. Akhala poteropo, akungotiyang'ana.

"Anganga, inu simudya nafe?"

Mdzukulu ndiye anayankha. "Tikusala, bambo. Mwezi uno ndi wa Ramazani. Nsombayi inali yoti tidzamasulire dzuwa likalowa, koma musadandaule, kunyanja sikutali."

Anthu 23, onse okhala m'Mangochi, ena obadwira momwemo. Mwadini amatidzutsa m'mbandakucha uliwonse ndipo timadandaula mokwanira, koma pamisonkhano yathu yonse palibe anaganiza zofunsa kuti anzathu ali pa mwezi wanji. Mkulu wa mpingo anaima ndi mutu wa chambo m'manja. Anauyang'ana, anayang'ana Anganga, anayang'ana kumwamba. Kenako anati kutaya chakudya nakonso n'tchimo, n'kupitiriza kuyamwa.

Kamnyamata kotisambitsa kaja kanali ndi kamtanda m'khosi. Ndinafunsa. Anati bambo ake anali msodzi wachikhristu wochokera ku Nkhotakota, anamira ndi mwera zaka zapitazo, mayi ake n'kutsatira ndi matenda. Anganga si abale ake. Anangomutenga, ndipo Lamlungu lililonse amamudzutsa, kumuchapira malaya n'kumuthamangitsira kutchalitchi, akati asataye njira ya bambo ake. Ndinakodola wojambula, koma anati batire latha pa zithunzi za sopo.

Potsanzikana anatipatsa usipa, jumbo lodzaza. Katoni imene inapita ndi chikondi inabwerera yolemera kuposa mmene inapitira.

Lachitatu tinakumana kuti tiunike ulendo. Lipoti la mizimu 47 linalandiridwa ndi nthungululu. Zithunzi pa Facebook zinayenda bwino, kupatula kuti Atcheya anadandaula kuti nsalu yofiirira ija imawadetsa nkhope. Nkhani imene inatenga ola lathunthu ndi ya usipa: ena akuti a m'komiti anatapa kawiri. Pa nkhani zina ndi zina, mtsikana wa m'kwaya uja anatchulanso agogo a kuseri kwa mpanda, akuti mvula yatha koma denga likadali lomwelo. Nthawi inali itatha, ndiye taisiyira msonkhano wotsatira.

Tagwirizana kuti kumudzi kuja tidzapitenso, poti anthu ake ndi omasuka mitima. Mkulu wa mpingo wandituma ndifufuze bwino tsiku la Idi yachiwiri ija, yophera mbuzi, kuti ulendo wathu udzagwe tsiku lomwelo.