Vinyo wa ku France Wafika ku Senga Bay

Misonkhano ya m'mahotela a ku Senga Bay imaphunzitsa zambiri, makamaka zimene sizili pa ndandanda. Bwana wina wa ku Lilongwe, alawansi itangolowa m'thumba, anaitanitsa vinyo wofiira wa ku France. Woperekera zakumwa anatsegula botolo, n'kuthira kadontho m'tambula, n'kuima poteropo manja kumbuyo. Mwambo wake ngwakuti ulawe kaye, poti nthawi zina chitsekero chimawononga vinyo. Bwana anayang'ana tambula, kenako mnyamatayo.

"Achimwene, ndalipira botolo lonse. Winayo mukusungira ndani?"

*

Vinyo wamtunduwu satsekemera. Yisiti amadya shuga yense wa m'mphesa, chotsala n'kuwawa kwa makoko kumene kumamanga m'kamwa ngati nthochi yaiwisi. Azakhali ena a ku Lifuwu anampeza pa chinkhoswe cha mwana wa mlongo wawo, amene amagwira ntchito kunja. Anamwa kamodzi, nkhope inachita makwinya. Anaitana mwanayo chonong'ona.

"Mwanangu, azunguwo shuga anawathera? Ukanatiuza. Fakitale tili nayo konkuno ku Salima, tikanawapatsirako."

Atatero anathiramo Fanta mpaka pakamwa pa tambula. Ndinalawako. Sindikuwaweruza.

*

Amalume ena, omwe sagula ngakhale machesi asanawerenge chikalata chake, anatembenuza botolo n'kuona 2015. Anawafotokozera kuti chimenecho ndi chaka chimene mphesa zinathyoledwa, ndipo kuti ena amasunga botolo zaka makumi awiri dala.

"Uchema ukagona tsiku limodzi timataya," anatero amalume. "Inu mwagula zogonera zaka zonsezi, n'kumanyadira? A Bureau of Standards akudziwa?"

*

Mabuku amati vinyo wofiira amweredwe pa madigiri 16 mpaka 18. Amene analemba zimenezo sanagonepo ku Salima mu Okotobala, pamene nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa. Mkulu wina anapempha ayezi. Woperekera anakana mwaulemu kuti sizitero. Mkuluyo anaitanitsanso chambo chowotcha, mnyamata uja n'kuwonjeza kuti nsomba imayenda ndi vinyo woyera.

"Mwana wanga, chambochi chafa kale. Sichisankhanso choyenda nacho."

*

Zoti kupanga vinyo ndi ntchito ya pamtundu n'zoona. Kum'mwera kwa France, ku Châteauneuf-du-Pape, banja la a Perrin lili ndi munda wa mphesa wa Beaucastel kuyambira 1909, ndipo mbadwo ndi mbadwo akhala akulandizana mundawo. Amalima mitundu 13 ya mphesa. Ngakhale vinyo wa ku South Africa amene wadzaza m'mashopu mwathumu ali ndi dzanja la Afalansa: othawa chizunzo cha chipembedzo anafika ku Cape mu 1688, n'kukhazikika m'dera lomwe lero ndi Franschhoek.

Mphunzitsi wina ankafotokoza zonsezi kwa agogo otcheza kachasu cha ku Chipoka. Agogo anamvetsera uku akusonkhezera moto pansi pa mgolo, osagwedezeka n'komwe.

"Aphunzitsi, chachilendo n'chiyani pamenepa? Ine ndinaphunzira kwa amayi, amayi kwa agogo, ndipo mdzukulu wangayu wayamba kale kudziwa mutu wa kachasu."

"Koma agogo, anzanuwo amalemba dzina la banja ndi mudzi wawo pabotolo."

Agogo anasiya chikuni.

"Dzina ndi mudzi womwe? Kwawoko apolisi sadziwa kuwerenga?"